Musathamangire Kufomata Flashi: Ifunseni Kaye pa Sikirini Yakuda

Anzanga nonse amene mwaunjikana pa bolodi pano, ndikudziwa kuti ambiri mwabwera kudzaona zigoli za Lachisanu ndi katuni ili pakonayo. Palibe vuto. Koma ngati muli ndi flashi kapena memole khadi, ndipo munauzidwapo kuti "iyi yagwidwa vayirasi, tingoifomata basi," werengani mpaka pansi. Mwinanso mutulutse cholembera, chifukwa muli mizere ina yofunika kukopera m'kope.

Teremu yathayi gulu lathu lowerengera limodzi linatsala pang'ono kutaya zonse. Tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo tinasonkherana n'kugula flashi imodzi ya 8 GB. M'menemo tinkasungamo mapepala a mayeso akale a MANEB, manotsi a Biology ndi Agriculture amene tinatayipa tokha mu labu, ndi zithunzi za masamba a buku lina limene mulaibulale lilimo limodzi lokha. Loweruka lina mnzathu wina, sindimutchula, akudzidziwa yekha, anapita nayo kumsika pamalo ena obenera nyimbo. Lolemba titaisomeka mu labu, foda iliyonse inali ndi kamuvi kakang'ono pakona. Tikadina, sikirini inkangophethira, osatsegula kanthu. Tinabwerera kwa wobena uja. Iye anangoti, "Mafana, iyi yapita. Kufomata basi." Mayeso a moko anali atatsala masabata atatu.

Mwayi wake sitinavomere tsiku lomwelo. Mawa lake tinaifikitsa kwa aphunzitsi a Computer Studies. Iwo sanagwire n'komwe mausi. Anadina mabatani awiri, kunatuluka kabokosi kakuda bii, n'kuyamba kulembamo timawu tachidule. Mnzathu wina anafunsa motsitsa mawu, "Sala, mukuhaka?" Anaseka mpaka kupukuta maso. Pasanathe mphindi zisanu mafoda athu onse anali poyera. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikuphunzira kabokosi kameneka, ndipo zomwe ndatolamo ndi izi.

Dzina lake ndi Command Prompt, koma ambiri amangoti cmd. Kuti mukatsegule, gwirani batani la Windows, lija lili ndi kambendera pakati pa Ctrl ndi Alt, n'kudina R. Mu kabokosi katulukeko lembani cmd, kenako Enter. Muona mzere wonga uwu, C:\Users\Student> ndi kamzere kophethiraphethira kumapeto. Pa makompyuta a Windows XP mzerewo umayamba ndi C:\Documents and Settings. Musaope, palibe chomwe chikuchitika. Kompyuta ikungodikira kuti muiuze chochita, ndipo sichita kanthu mpaka mutadina Enter.

Kale kompyuta zinkayendetsedwa chonchi basi, popanda mausi, popanda tizithunzi. Mu 1981 kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake yotchedwa PC, ndipo inkayendera pulogalamu ya DOS yochokera ku Microsoft. Microsoft nayo inachita kugula pulogalamuyo ku kakampani kena, Seattle Computer Products, kumene Tim Paterson anailemba mu 1980. DOS yoyambayo inalibe ngakhale mafoda. Mafayilo onse ankakhala malo amodzi ngati chimanga, nandolo ndi nyemba zothiridwa pa mkeka umodzi. Mafoda anabwera mu 1983 ndi DOS 2.0, pomwe Windows yoyamba inatuluka mu 1985. Cmd ya lero si DOS yeniyeni ayi, koma inatengera mawu ake, ngati mdzukulu wobadwira m'tauni amene amathabe kupatsa moni m'Chilomwe cha agogo ake.

Choyamba kumvetsa ndi mzere uja wokhala ndi timizere topendekera. Imeneyo ndi keyala. Mukamalembetsa kuchipatala amakufunsani mudzi, T/A ndi boma. Kompyuta imachitanso chomwecho, kungoti imayambira ku chachikulu kutsikira ku chaching'ono. Tiyerekeze mwapanga foda ya Malawi, m'kati mwake ya Mulanje, m'kati mwa imeneyo ya Mabuka. Keyala yake ikhala C:\Malawi\Mulanje\Mabuka. Mukakhala ku Mulanje n'kulemba cd Mabuka, mwalowa kwa Mabuka. Mukalemba cd .. ndi madontho awiri, mwabwerera ku Mulanje. Mukalemba cd \ mwabwerera kumutu kwenikweni. Kuti muchoke kwa Mabuka kupita kwa Chikumbu, mumakwera kaye ndi cd .. kenako n'kutsika ndi cd Chikumbu. Nthawi zonse mzere wa kumanzere ukuuzani pamene mwaima. Muzizolowera kuuwerenga musanalembe chilichonse.

Nanga C uja? Ndi hadi disiki ya m'kati mwa kompyuta. A ndi B anasungidwira ma floppy, timadisiki tija tankalowa pa kakamwa kopyapyala kali kutsogolo kwa makompyuta ena akale, kamene ena mumaponyamo mapepala a switi. Floppy imodzi inkasunga 1.44 MB, yosakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha foni za masiku ano. Flashi ikasomekedwa imatenga chilembo china, kawirikawiri E kapena F. Yathu inali E. Kuti mupiteko, lembani E: kenako Enter, ndipo mzere uja usintha kukhala E:\>

Tsopano lamulo lalikulu, limene ndikadati muloweze limodzi lokha ndikadasankha lomweli:

dir

Limaonetsa mndandanda wa zonse zili mu foda imene mwaimamo. Mzere uliwonse uli ndi deti, nthawi, kukula kwa fayilo ndi dzina. Pamene palembedwa <DIR> ndiye kuti ndi foda. Kukula kumalembedwa m'ma byte, n'chifukwa chake manambala ake amaoneka oopsa: ma byte 1,024 ndi KB imodzi, opitirira pang'ono miliyoni ndi MB imodzi. Pansi penipeni pamakhala mizere iwiri, wina wowerenga mafayilo, wina wonena malo otsala. Mndandanda ukakhala wautali n'kumathamanga ngati mtsinje wa Ruo nthawi ya dzinja, lembani dir /p ndipo uziima sikirini ikadzaza mpaka mutadina batani.

Apa m'pamene aphunzitsi anatigwira nkhani. Pa flashi yathu dir inaonetsa timafayilo tochepa, tonse tothera ndi .lnk, kalikonse kosakwana ma byte 2,000. Koma mzere wapansi unkati malo otsala ndi pafupifupi 3 GB. Anatitembenukira n'kufunsa, "Flashi ndi ya 8 GB. Tinthu tikuonekati sitikukwana ngakhale MB imodzi. Nanga malo enawo akhalapo ndani?" Tinangoti kukamwa yasa. Zinthu zathu zinali momwemo. Sizinafufutidwe, zinangobisidwa.

Fayilo yothera ndi .lnk ndi shotikati, kachikwangwani kolozera kwina. Mukayang'ana ndi mausi, Windows sionetsa .lnk ameneyu, ndipo kawirikawiri imabisanso mathero ena monga .exe, ndiye vayirasi imapezerapo mwayi. Imabisa foda yanu ya Biology, n'kuikapo shotikati ya dzina lomwelo yokhala ndi chithunzi cha foda. Inu mukadina poganiza kuti mukutsegula manotsi, mukudzutsa vayirasiyo kuti ilowe mu kompyuta. Sikirini yakuda ilibe zithunzi, ndiye palibe chovala chonamizira. Dzina limatuluka lonse, ndi mchira womwe.

Kenako analemba:

dir /a

Kachilembo /a kamatanthauza kuti onetsa zonse, zobisika zomwe. Mafoda athu anatuluka onse, Biology, Agriculture, MANEB, aliyense ndi <DIR> wake. Panalinso alendo awiri amene sitinawaitane: fayilo ya dzina losawerengeka yothera ndi .vbs, ndi ina yotchedwa autorun.inf.

Kubisaku kumachitika motere. Fayilo iliyonse imatha kuikidwa zizindikiro. H ndi yobisika, S ndi ya kompyuta yeniyeniyo yosafunika kugwiragwira, R ndi yongowerenga osasintha. Vayirasi imamata H ndi S pa mafoda anu, ndipo Windows imamvera n'kusiya kuwaonetsa. Lamulo lomatula zizindikirozo ndi ili, likopereni bwinobwino pamodzi ndi mipata yake:

attrib -h -s -r /s /d *.*

Kamzere kochotsera kali kutsogolo kwa h, s ndi r ndi komwe kaja ka masamu, kakuti chotsa. /s ndi kulowa m'mafoda a m'kati, /d ndi kukhudza mafoda omwe osati mafayilo okha, ndipo *.* ndi chilichonse. Likatha silinena kuti zikomo kapena ndamaliza, limangobweza mzere wa E:\> uja. Likadandaula kuti Access denied pa foda ya System Volume Information, isiyeni, ndi ya Windows imeneyo. Chenjezo langa ndi limodzi: onetsetsani kuti mzere wa kumanzere ukuonetsa chilembo cha flashi, osati C. Mukalilemba pa C muvundukula mafayilo a Windows amene anabisidwa dala, ndipo wina adzawafufuta poganiza kuti ndi zinyalala.

Zitatero tinachotsa mashotikati ndi del *.lnk ndipo alendo awiri aja tinawachotsa potchula mayina awo. Koma ndisakunamizeni, attrib si mankhwala a vayirasi. Ife tinali titadina kale mashotikati aja Lolemba, ndiye kompyuta ya pafupi ndi zenera inali itatenga matenda, ndipo flashi iliyonse yosomekedwa pamenepo ikadabisidwanso. Aphunzitsi anagwira ntchitoyi pa kompyuta ina, ndipo yodwalayo anaitsuka ndi antivayirasi pambuyo pake. Komanso ngati munthu wafomata kale, attrib sabweza kanthu. N'chifukwa chake ndikuti funsani kaye dir /a musanavomere.

Zinthu zitabwerera, chimwemwe chinatha msanga, chifukwa tinaona nyansi zathu zomwe. Kunja kwa mafoda atatu aja kunali mafayilo mbwee: "notes", "notes final", "notes final final", "New Microsoft Word Document (4)". Palibe ankadziwa kuti chenicheni n'chiti. Apa dir yomweyo inathandizanso, chifukwa imatha kusanja mndandanda mmene mukufunira. Mukalemba dir /o:n imasanja motsatira alifabeti. Mukalemba dir /o:-d imayamba ndi zatsopano. Mukalemba dir /o:-s imayamba ndi zazikulu. Titayesa lomalizali, pamwamba penipeni panakhala mafilimu awiri omasuliridwa m'Chichewa, amene anali kudya malo oposa manotsi athu onse kuphatikiza pamodzi. Mwini wake anayang'ana kudenga.

Pa za madeti samalani pang'ono. Makompyuta akale ali ndi kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo kamene kamasunga nthawi magetsi akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti ili m'chaka china cha kalekale, ndipo fayilo imene mwatayipa lero imalembedwa deti ya nthawi imene munali musanabadwe. Ndiye mukasanja potsata deti, yatsopano ikhoza kukagwera pansi penipeni. Lembani date /t muone tsiku limene kompyutayo ikukhulupirira.

Kanyenyezi * ndi kofunika kukamvetsa. Kamaimira chilichonse. dir *.pdf ndiye kuti ndionetse zonse zothera ndi .pdf. dir *bio* ndiye kuti ndionetse chilichonse chokhala ndi bio penapake m'dzina lake. Mukawonjezera /s, monga dir *bio* /s, imafufuza m'mafoda onse a m'kati n'kukuuzani keyala ya chilichonse chimene yapeza. Umu ndi mmene tinapezera manotsi a genetics amene wina anawaponya mu foda ya Agriculture.

Kusanja kwenikweni kumafuna malamulo atatu. md amapanga foda, move amasamutsa, ren amasintha dzina. Mwachitsanzo:

md Chichewa
move *chich* Chichewa
ren notes3.docx Nthaka.docx

Mzere wachiwiriwo umanyamula mafayilo onse okhala ndi chich m'dzina n'kuwalowetsa mu foda ya Chichewa kamodzi n'kamodzi, kaya alipo atatu kaya 50. Ndi mausi mukadakhala mukukoka imodziimodzi mpaka belu. Ndinapunthwapo pa chinthu chimodzi. Ndinalemba md Social Studies ndipo kunabadwa mafoda awiri, Social payekha, Studies payekha. Kwa cmd mpata umatanthauza kuti dzina latha, layamba lina. Dzina la mpata limafuna kutsekeredwa chonchi, md "Social Studies", ndipo foda yopanda kanthu imachoka ndi rd. Ngati dzina ndi lalitali, lembani zilembo zoyamba zokha n'kudina Tab, ilimaliza yokha.

Nkhani ya mipatayi ili ndi mbiri yake. Pa DOS dzina la fayilo silinkapitirira zilembo 8, kenako dontho, kenako zilembo 3, ndipo mpata sunkaloledwa. CHICHEWA.DOC inkakwana ndendende, muwerenge nokha zilembozo, koma AGRICULTURE inkayenera kudulidwa mchira. Mayina aatali anafala ndi Windows 95. Chodabwitsa n'chakuti mpaka lero pa flashi zambiri fayilo ya dzina lalitali imakhalanso ndi dzina lachiwiri lalifupi, ngati dzina la kunyumba. Lembani dir /x muwaone, zinthu zonga AGRICU~1.DOC.

Dzina la kunyumba limeneli ndi limene linandiliza. Ndinkafuna kuchotsa mafayilo akale othera ndi .doc n'kusiya atsopano othera ndi .docx. Ndinalemba del *.doc ndili ndi chikhulupiriro chonse. Zinapita zonse, ma .docx omwe. Chifukwa chake n'chakuti dzina lalifupi la fayilo ya .docx limathera ndi .DOC, ndipo kanyenyezi kamayang'ana mayina onse awiri. Del sanandifunse ngati ndatsimikiza. Ndipo chimene del wachotsa sichipita ku Recycle Bin. Manotsi a ulimi wa tiyi ndi a matenda a nkhuku, amene ndinawatayipa masana awiri ndi zala ziwiri, ndinawatayipanso. Anzanga sanandikalipire, anangondisiya ndekha pa kiyibodi, zomwe zinawawa kuposa kukalipidwa.

Tsopano ndimachita chonchi. Ndisanachotse kanthu ndimayamba ndalemba dir ndi mawu omwewo, monga dir *.doc, n'kuwerenga mndandanda wonse. Zimene dir waonetsa ndi zomwezo zimene del adzadye. Ndikakhutira ndimadina kamuvi kolozera m'mwamba, lamulo lija limabwerera, ndimasintha dir kukhala del. Kapenanso ndimalemba del /p *.doc kuti indifunse fayilo iliyonse payokha. Chimodzimodzi ndi move. Ndipo lamulo lotchedwa format, ngakhale mnzako atakuuza kuti "tangoyesa aise," usalilembe pa kompyuta ya sukulu.

Lamulo lina limene ndimalikonda ndi ili:

dir /s /b > mndandanda.txt

/b imachotsa madeti ndi manambala n'kusiya mayina okha. Chizindikiro > chimauza kompyuta kuti m'malo moonetsa pa sikirini, ilembe zonsezo mu fayilo. Mukatsegula mndandanda.txt mu Notepad mupeza kaundula wa zonse zili pa flashi, chilichonse ndi keyala yake. Ndi mausi yokha simungachite zimenezi mophweka. Dziwani kuti ngati dzina limenelo lilipo kale, > amalemba pamwamba pake osafunsa. Amene mumakonda zojambula yesani tree /f muone mafoda akutuluka ngati nthambi za mtengo.

Wina afunsa, bwanji kuvutika chonchi mausi ilipo? Sindikunena kuti mutaye mausi. Poona zithunzi kapena posamutsa fayilo imodzi, mausi ndi yachangu, ndipo ine ndimaigwiritsabe ntchito. Koma mukudziwa nokha makompyuta amene timakhala nawo m'ma CDSS. Ambiri anagwirapo kale ntchito kwina asanafike kuno. Windows XP inatuluka mu 2001 ndipo Microsoft inasiya kuisamalira mu 2014. Windows 7 ya mu 2009 anaisiya mu 2020. Kompyuta yotere ukatsegula foda yodzaza zithunzi imayamba kujambula kachithunzi kalikonse, kenako imauma gwa, anthu anayi mukuyang'anizana pa benchi imodzi, piriyodi ikutha, magetsi osadziwika kuti akhala mpaka liti. Dir sajambula kanthu, ndiye amayankha nthawi yomweyo. Ndipo tsiku limene mbewa ya pa desiki yafa, inu mumapitirizabe ntchito ndi kiyibodi.

Mukadzakumana ndi kompyuta ya Linux, monga Ubuntu, musadzabwerere pakhomo. Kumeneko sikirini yakudayi amaitcha Terminal, ndipo mawu ake ndi achibale: ls m'malo mwa dir, ls -a kuona zobisika, mkdir kupanga foda, mv kusamutsa, rm kuchotsa, pomwe cd ndi yemweyo. Mawu amenewa ndi akale kuposa a DOS, anachokera ku Unix imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anaiyamba ku Bell Labs ku America mu 1969. Kusiyana kofunika kukumbukira n'kwakuti cmd sasamala za zilembo zazikulu ndi zazing'ono, DIR ndi dir n'chimodzimodzi, pomwe kwa Linux Biology ndi biology ndi mafoda awiri osiyana. Foni za Android zimene ena mumabisa m'zikwama nazonso pansi pake pali Linux.

Mukalakwitsa kulemba, monga dri m'malo mwa dir, kutuluka Chingerezi chachitali chonena kuti mawuwo sakudziwika. Palibe chawonongeka, lembaninso. Mukaiwala timichira ta lamulo, lembani dir /? kapena attrib /? ndipo ikuuzani yokha. cls amapukuta sikirini ngati dasitala, exit amatseka. Poyeserera pangani foda yanuyanu ndi md Zoyesera, mukoperemo mafayilo angapo ndi copy, muzisewera m'menemo, osati pa manotsi a gulu ngati mmene ndinachitira ine.

Flashi yathu tsopano ili ndi foda ya phunziro lililonse, ndipo mafayilo ali ndi mayina omveka, monga Bio_2019_P1.pdf, opanda mipata. Zonse tinazikoperanso pa memole khadi imene imakhala kwa mlembi wa gulu, ndipo mndandanda uja tinausindikiza n'kuumata m'kati mwa chikuto cha kope lake. Mafilimu anachoka. Nyimbo za mnzathu uja zili mu foda yakeyake, E:\Nyimbo, ndipo tinagwirizana kuti flashi ikadzadzaza, yoyamba kuchoka ndi imeneyo.